Nditatsitsa galimoto inayamba kudumpha, koma vuto silinali masipuling'i

Aliyense amene watsitsapo galimoto ndi masipuling'i aafupi amadziwa kuti imauma pang'ono. Zimenezo munthu amavomereza asanagule n'komwe. Koma pali kuuma kwina kumene sikuchokera ku masipuling'i, ndipo n'kumene kunandisowetsa mtendere ine nditatsitsa yanga, galimoto yaing'ono yokoka ndi matayala akutsogolo. Ndalemba izi chifukwa ambiri mwa anthu amene ndinawafunsa nthawi imeneyo ankaloza chala pamalo olakwika. Ndikanawamvera, ndikanagula ma shock anayi atsopano, vuto n'kukhalabe pomwepo.

Pabokosi la masipuling'iwo analemba kuti amatsitsa mamilimita 35 kutsogolo ndi 30 kumbuyo, komwe si kutsitsa kodabwitsa ayi. Kapepala ka m'bokosimo sikananene chilichonse chokhudza ma bump stop, tinthu tofewa tokhala pa ndodo ya shock toimitsa tayala likakwera kwambiri m'mwamba, choncho amene anamanga anabwezera omwe analipo kale. Galimoto inaoneka mmene ndinkafunira, ndipo pamsewu wosalala inkayenda bwinobwino. Koma ikangoponda pamene phula lakwinyika, kapena pamene anakumba n'kukwiriranso, mutu wake unkanjanja mosalekeza ngati ngolo. Sikunali kuyandama kuja kwa galimoto yakufa ma shock, imene imakwera n'kutsika pang'onopang'ono kangapo isanakhazikike. Uku kunali kwachangu, kouma, kofika mpaka m'mano. Pa hampu, ngakhale ndichepetse liwiro chotani, kutsogolo kunkamveka "gu!". Chimene chinandiopsa kwenikweni chinali pakona. Ndikakhota mothamangako tayala lakunja n'kuponda kabampu, galimoto inkasiya kumvera chiwongolero kwa kamphindi, mutu n'kumalowera kunja kwa kona.

Ena ankati masipuling'i ndi olimba mopitirira muyezo. Ena ankati ma shock atha. Wina anati ndiphwetseko matayala. Amene anandithandiza anali makaniko wina wachikulire amene sanafune n'komwe kuikweza pa jeke. Anaiimika pamwamba pa dzenje la m'galaja matayala onse anayi ali pansi, anakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, n'kupisa dzanja pakati pa mphete za sipuling'i. Atakankhira m'mwamba chikuto cha labala chotchinga fumbi chija, anandiuza kuti ndiwalitse tochi.

"Tayang'anani apa, achimwene. Mukuonapo mpata?"

Panalibe mpata. Pa ndodo yonyezimira ya shock panali bump stop ija, kachinthu kachikasu, kokhala ndi mizere yozungulira, ndipo mphuno yake inali itakhala kale pamutu pa shock, yofinyika. Apo n'kuti galimoto itangoima, mulibe munthu ngakhale mmodzi.

"Masipuling'i anu alibe mlandu," anatero bambowo. "Chimene mukumva inu pampando ndi ichi."

Ambirife timaganiza kuti bump stop ndi kalabala kongoletsa chitsulo kumenya chitsulo chinzake tsiku limene wagwera m'dzenje lalikulu. Pa magalimoto akale, komanso kumbuyo kwa ma pickup ambiri, zilidi choncho: kachibuma ka labala wakuda, kakafupi, komangidwa pamwamba pa ekiselo, kamene kamagundidwa mwa apo ndi apo. Koma pa magalimoto ang'onoang'ono amasiku ano nkhani ndi ina. Bump stop yake imakhala yaitali, yopangidwa ndi siponji ya polyurethane yodzaza ndi timabowo ta mpweya tosaoneka ndi maso. Kampani ya BASF imapanga zoterezi pansi pa dzina loti Cellasto, ndipo zimapezeka m'magalimoto a mitundu yambirimbiri. Mphuno yake ndi yopyapyala ndi yofewa kuti ikakhudzidwa woyendetsa asamve. Ikamafinyika imanka nilimba, mpaka kumapeto kwake imakaniratu. Kunena zoona, imeneyi ndi sipuling'i yachiwiri. Ndi imene imalola opanga galimoto kuika masipuling'i ofewa kuti tiziyenda mwawofuwofu, podziwa kuti katundu akachuluka, pakona, kapena poponda mabuleki mwamphamvu, bump stop ilowererapo. Kuikhudza si tsoka ayi, inapangidwira zomwezo. Chimene sinapangidwire ndi kunyamula galimoto tsiku lonse.

Tinayeza. Bump stop yakutsogolo, titaichotsa, inali yaitali mamilimita 70. Malo amene imakhalamo, kuchokera pa kapu ya pamwamba kufika pamutu pa shock galimoto itaima pansi, anali mamilimita 65 okha. Ndiye kuti inali yofinyika kale ndi mamilimita 5. Kutsogolo kwa galimoto yanga kuli ma strut a mtundu wa MacPherson, kutanthauza shock ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi, omwe amayenda pafupifupi mofanana ndi tayala, choncho n'zosavuta kubwerera m'mbuyo: ndisanatsitse, malowo anali pafupifupi mamilimita 100, ndipo mpata wa pakati pa shock ndi mphuno ya bump stop unali cha m'ma 30. Masipuling'i atsopano anadya mpata wonsewo n'kulowanso mkati.

Wina angafunse kuti, nanga masipuling'i otsitsa si olimba kuposa oyamba aja, bwanji osalipira mpata wotayikawo? Ndi olimbadi, koma pang'ono chabe. Tiyerekeze kuti sipuling'i yoyamba imafuna makilogalamu 2.5 kuti ifinyike milimita imodzi. Ndi mpata wa mamilimita 30, tayala limenelo lingalandire makilogalamu 75 owonjezera lisanafike pa bump stop. Tsopano muike sipuling'i yolimbirapo, ya makilogalamu 3 pa milimita, koma mpata wotsala ndi mamilimita 10. Ingolandira makilogalamu 30 basi. Munthu mmodzi akakwera, zambiri mwa zimenezo zapita galimoto isanasunthe. Kwa ine panalibe n'komwe mamilimita 10 amenewo. Tayala likakwera pang'ono, linkakumana ndi sipuling'i ndi bump stop pamodzi, ndipo kulimba kwa ziwirizi kunkakwera msanga kwambiri. Shock nayo inakonzedwa kuti izilamulira sipuling'i yofewa, ndiye siponji yofinyika ija ikabwezera mphamvu zake, shock inkalephera kuigwira. Kunjanja kuja kunkachokera pamenepo.

Za pakona zija nazonso zinamveka. Galimoto ikamakhota, kulemera kumasamukira ku matayala akunja, ndipo mbali imene ili yolimba kwambiri, kutsogolo kapena kumbuyo, ndi imene imasenza gawo lalikulu la kusamukako n'kuyamba kutaya msewu. Kukauma mwadzidzidzi kutsogolo, mutu umakana kukhota. Kukauma mwadzidzidzi kumbuyo, thako la galimoto limafuna kupitirira mutu, ndipo zimenezi pamsewu wonyowa sizipatsa munthu nthawi yoganiza. Ichi n'chifukwa chake sindiona nkhani ya ma bump stop ngati yongofuna kukhala mofewa pampando.

Nditamva zonsezi ndinafunsa funso limene aliyense amafunsa: bwanji osangozichotsa? Bambo aja sanayankhe ndi pakamwa. Anapita pakona ya galaja n'kubwera ndi strut ya galimoto ina imene mwini wake anachita zomwezo. Mutu wake unali wophwanyika, utoto utasupuka mozungulira pomwe unkamenya kapu ya pamwamba, ndipo thupi lonse linali noninoni ndi mafuta osakanizika ndi fumbi. Anaikankha ndi dzanja limodzi, ndodo inangolowa yokha osakana. Ma shock ambiri wamba ali ndi valavu pansi penipeni mkati mwake, ndipo ndodo ikafika mpaka kumeneko ndi kulemera konse kwa galimoto, valavuyo imaphwanyika. Ikapulumuka valavu, imavulala seal ya pamwamba. Mphamvu yotsalayo imapita ku top mount, chogwirira strut pamwamba pake, ndi ku chitsulo cha thupi la galimoto pomwe strut imamangidwa, ndipo chitsulo chimenecho chimatha kutukumuka kapena kung'aluka. Kuchotsa bump stop kumafewetsadi galimoto pa tinthu ting'onoting'ono, n'chifukwa chake anthu amakuyamikira masiku oyambirira. Dzenje loyamba lenileni ndi limene limaulula mtengo wake.

Chatsala ndi kuifupikitsa, ndipo apa pali chinthu chimene ndikufuna aliyense achimvetse, chifukwa ine chinandisintha maganizo pa nkhani yonse yotsitsa galimoto. Kufupikitsa bump stop sikubweza ulendo wa tayala wokwera m'mwamba umene watayika. Siponji yotereyi ikafinyidwa mpaka kumapeto imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a kutalika kwake. Ya mamilimita 70 ija imatsala cha m'ma 20. Ndiye galimoto isanatsitsidwe tayala linali ndi mamilimita 80 okwera m'mwamba, 30 opanda chotchinga ndi 50 a mkati mwa bump stop. Itatsitsidwa linatsala ndi 45. Mukaika ya mamilimita 50, imene imatsala cha m'ma 15, ulendo wonse umangofika pa 50. Mwapindula mamilimita 5 okha. Chimene mwasintha kwenikweni ndi pamene bump stop ikuyambira kugwira: tsopano pali mpata wa mamilimita 15 pomwe sipuling'i ikugwira ntchito yokha. Koma dzenje silinachepe, galimoto sinapepuke, ndipo bump stop yaifupiyo iyenera kumeza nkhonya yomwe ija m'mamilimita 35 m'malo mwa 50. Iyenera kukhala yolimbirapo kumapeto kwake. Mukaifupikitsa kwambiri pofuna mpata waukulu, mwabwerera ku strut yophwanyika ija.

Pa nkhani yodula yakale ndi mpeni, amakaniko sagwirizana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Mukadula mphuno yofewa ija, mpata mwaupeza ndipo tsinde lolimba loteteza zitsulo latsala, koma shock izifikira pa gawo lolimba mwadzidzidzi, ndiye "gu!" uja sachoka, amangochedwa kubwera. Mukadula kutsinde, kufewa koyambira kumatsala, koma mwachepetsa chitetezo cha kumapeto. Komanso pa magalimoto ambiri tsindelo lili ndi mlomo umene umakola m'kapu ya pamwamba, kapena mzere wogwira chikuto cha fumbi. Mukadula pamenepo chikuto chimagwa, fumbi n'kuyamba kudya ndodo ndi seal. Makampani ena opanga masipuling'i, monga Eibach, pa magalimoto ena amaika ma bump stop aafupi m'bokosi momwemo, kapena amalemba pa pepala kuti mudule mbali iti ndiponso mamilimita angati. Pepala lotero likakhalapo, litsatireni, musamvere za pagalaja. Likapanda kukhalapo, ine ndingasankhe kusunga mphuno n'kuchotsa mphete imodzi ya bump stop chakumtunda, kutsinde kuja, pokhapokha ngati mlomo uja sukhudzidwa. Mudule ndi mpeni wakuthwa, mowongoka, mbali zonse ziwiri mofanana ndendende.

Ife sitinadule. Zanga zinali zakale, mtundu utayamba kufiira, ndipo titapinda imodzi tinaona ming'alu m'mizere yake. Siponji yokalamba ngakhale muidule mwaluso chotani imakhala yatha kale. Tinafunafuna zatsopano za mamilimita 50, za siponji yomweyo, zokhala ndi bowo lofanana ndi kunenepa kwa ndodo ya shock yanga. Bowolo n'lofunika: likakula bump stop imatsetsereka n'kumakhala pamutu pa shock, likachepa imang'ambika poilowetsa. Wogulitsa wina anandionetsa tina tatifupi kwambiri, tolimba gwa, topanda mabowo a mpweya, akuti n'tokwanira galimoto iliyonse. Ndinakana. Chinthu chopanda mpweya mkati sichifinyika bwino, chimangotukumukira m'mbali, ndipo chimagwira mwankhanza. Mwina pa mpikisano chili ndi malo ake, koma osati pa galimoto yonyamula banja.

Chimene bambo aja anachita asanamange zonse ndi chimene ndimalimbikitsa kwambiri, ngakhale chimadya nthawi. Anamanga strut imodzi popanda sipuling'i, ili ndi bump stop yatsopano yokha, n'kuibwezera pagalimoto, tayala n'kumanganso. Galimoto ili pa ma stand, anaika jeke pansi pa control arm, mkono wapansi wogwira tayala, n'kuyamba kukweza pang'onopang'ono. Tinaona pamene mphuno inakhudza, tinayeza kuchokera pakati pa tayala kufika pamlomo wa madigadi, n'kulemba. Anapitiriza mpaka galimoto inayamba kunyamuka pa stand. Ali pomwepo anakhotetsa chiwongolero uku ndi uku, dzanja lili pamwamba pa tayala, kufufuza ngati likukhudza pulasitiki ya mkati kapena mlomo wa madigadi. Anayang'ana paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS ngati zakokeka kapena kupanikizika, ball joint ngati yafika pamapeto ake, ndiponso shaft yozungulitsa tayala ngati yayandikira thupi la galimoto. Anandikumbutsa kuti jeke imangokankha ndi kulemera kwa kona imodzi ya galimoto, pomwe dzenje pa liwiro limamenya kuposa pamenepo, choncho pamafunika kutsala malo oti chala chilowe momasuka, osati kungoti sizikukhudzana.

Kenako anatenga sipuling'i ili pansi, anawerenga mphete zake, anayeza kunenepa kwa waya wake, n'kuchulukitsa. Imeneyo ndiyo nambala ya kutalika kwa sipuling'i ikafinyika mpaka mphete zonse kugundana. Mpata wa pakati pa mbale ziwiri zokhalapo sipuling'i, tayala lili pamwamba penipeni, uyenera kuposa nambala imeneyo. Apo ayi, sipuling'i ndi imene isanduke chitsulo chouma bump stop isanamalize ntchito yake. Masipuling'i ena otsitsa ali ndi mphete zingapo zoyandikana zimene zimagundana kale galimoto ikangoima. Zimenezo anapanga dala, musadabwe nazo. Zoyenera kuyang'ana ndi mphete zotalikirana zija: mukaona utoto utasupuka pakati pawo, dziwani kuti zikumenyana. Ndipo ponena za kuchotsa sipuling'i pa strut, musayerekeze popanda zofinyira zake zoyenera. Mphamvu imene imasungidwa mmenemo imathyola dzanja kapena nsagwada.

Kumbuyo sikunatitengere nthawi. Kumeneko sipuling'i ili payokha, shock payokha, ndipo titatsitsa zikuto tinapeza kuti mbali imodzi bump stop inanyenyeka kalekale, munangotsala zidutswa zofumbutuka m'manja. Mpata unalipo wokwanira, choncho tinaika zatsopano za kutalika kwake koyamba. Kumbuyo ndi kumene kumasintha kwambiri kulemera, lero mulibe munthu, mawa anthu atatu ndi katundu m'buti, ndiye bump stop yaitali yofewa imathandiza kuposa yaifupi. Chenjezo limodzi kwa amene magalimoto awo ali ndi shock yomangidwa chapakati pa mkono, kutali ndi tayala: kumeneko shock imayenda pang'ono kuposa tayala. Kutsitsa mamilimita 35 patayala kungakhale 25 okha pa shock, choncho musatenge nambala ya pabokosi n'kukaidula pa bump stop.

Titamanga zonse, mabawuti a mabushi anamangitsidwa galimoto itaima pa matayala ake, kuti labala asakhale wopotoka pa msinkhu watsopanowo, kenako tinakachititsa alignment, kuwongoletsa matayala.

Kusintha kwake ndinakumva ndisanafike patali. Kunjanja kuja kunatheratu. Galimoto inali yolimbabe kuposa mmene inalili isanatsitsidwe, koma kulimba kwake kunali kwa sipuling'i, kumene umamva tayala likukwera n'kubwerera kamodzi basi. Pakona ija ya kabampu, mutu unatsata chiwongolero osazengereza. Ma shock omwe anthu ankati atha ndi omwe ndikuyendera mpaka pano.

Kwa amene mukufuna kudziwa za galimoto yanu osamasula chilichonse, yambani ndi tochi, galimoto ili pansi pamalo osalala. Pa jeke simuona kanthu, chifukwa tayala likalendewera mpata umaoneka waukulu. Ngati mpata ulipo, mangani cable tie yaing'ono, kalamba ka pulasitiki komangira mawaya, pa ndodo ya shock, muitsitse mpaka ikhale pamutu pa shock, n'kuyenda pang'onopang'ono pamsewu wabwino. Mukaipeza itakankhidwira kale pamphuno ya bump stop mutangoyenda pamalo osalala, mpata wanu ndi wochepa. Dziwani kuti cable tie imangokuuzani kuti zakhudzana, siikuuzani kuti bump stop inafinyika kufika pati, chifukwa siponji ikabwerera imaikankhiranso pansi. Mukatha muichotse. Ndipo amene muli ndi ma strut otembenuzidwa a kampani ya Bilstein, okhala ndi chubu chonenepa chonyezimira pamwamba, musadabwe kusaona bump stop kunja. Ili mkati, ndipo simufunika kuwonjezerapo ina.

Pali malire amene bump stop iliyonse singawadutse. Mnzanga wina ataona yanga anafuna kutsitsa yake mamilimita 60 pa ma shock ake oyamba, akuti angoika ma bump stop aafupi ngati anga. Tinatenga nambala zomwe zija: pa mamilimita 80 mukachotsa 60, tayala latsala ndi 20, ndipo palibe siponji imene ingaimitse galimoto mofatsa m'kampata kotero. Anati ndiye agula ma shock olembedwa kuti ndi a magalimoto otsitsidwa. Ndinamuuza kuti afunse kaye chimene anafupikitsa pa ma shock amenewo. Ambiri amafupikitsa kutalika kwa shock ikatambasuka, n'cholinga choti sipuling'i yaifupi isagwedere tayala likalendewera, ndipo zimenezo n'zothandiza, koma sizimuwonjezera malo okwera m'mwamba. Malo amenewo amabwera pokhapokha thupi la shock lenilenilo likakhala lalifupi, monga zimakhalira pa ma coilover ambiri, omwe ndi shock ndi sipuling'i zobwera pamodzi zotheka kusintha msinkhu wa galimoto, ndipo ngakhale pamenepo tayala, madigadi ndi ball joint zimakhala ndi malire awoawo oyenera kuyezedwa ndi jeke monga tinachitira ife. Atawerengera zonse, anagula masipuling'i a mamilimita 30, n'kuitanitsa ma bump stop anayi atsopano limodzi ndi zikuto zake kuti amangire nthawi imodzi strut ikadali yomasula.